Mtchona ndi Zitsulo Zake

Ndinaganiza zochoka tsiku limene mlamu wanga Alubano anabwera kumunda kudzayendera mizere yanga. Ndinali mkamwini wa zaka ziwiri m'mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi Kasenengwa, ine kwathu kuli ku Chiparamba. Munthuyo anayenda mzere umodzi mpaka kumapeto, manja kumbuyo ngati kapitawo wa pa esiteti ya fodya, kenako anaugumula ndi chidendene.

"Alamu, apa mwalima, kapena nkhuku zapalasa?"

Akazi amene ankadutsa ndi mitolo ya nkhuni anaseka. Ine ndinangotola khasu n'kuukonza mzerewo, poti mkamwini sayankha mwini mbumba, koma mumtima ndinali nditamanga kale katundu.

Tsiku lomwelo ndinauza mkazi wanga, Velonika Nabanda, kuti ndikupita ku Halale. Anali akuyamwitsa mwana wathu woyamba, Yosefe, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mukuthawa msonkho, kapena mukuthawa achimwene?"

"Ndikukakufunirani nsalu, Nabanda. Zaka ziwiri zokha."

"Nsalu ndili nayo. Chimene ndidzasowe ndi mwamuna."

Ndinaona ngati nayenso akundinyoza, choncho sindinamutsanzike bwino. Zaka ziwirizo zinasanduka zisanu ndi zinayi. Anthu otere kwathu timawatcha matchona, ndipo dzinalo ndinaligwirira ntchito ndithu, palibe anandinamizira.

Tinakwera lole ya ulere ku Boma, kumene masiku ano mukuti Chipata, amuna okhaokha mothinana. Tinadutsa m'dziko la Apwitikizi, tinaoloka Zambezi, tinafika fumbi lili mpaka m'makutu. Ntchito ndinaipeza kwa mzungu wina wolima kabichi, anyezi ndi matimati kunja kwa tawuni. Tinkamutcha Kamoto. Anali wamfupi, wofiira khosi, ndipo dzina langa lakuti Sitefano Mwale sanalitchulepo ngakhale kamodzi. Kwa iye tonse ochokera kumpoto tinali "Nyasa", ngakhale ine ku Nyasalande ndinali ndisanapondeko, malire a pa Mwami ndinkangowamva kwa anthu.

Kamoto anali ndi kathirakitala ka m'dimba. Musaganize za zimathirakitala za masiku ano zokhalapo pamwamba. Aka kanali ka mawilo awiri achitsulo, injini yake yoti mwamuna mmodzi n'kuinyamula, kumbuyo kuli khasu ndi zogwirira ziwiri, munthu n'kumakatsata wapansi monga amachitira ndi pulawo. Tinkakatcha Chiwala chifukwa kakagunda mwala kankadumpha n'kukumenya m'nthiti. Anzanga ankakaopa. Ine ndinkakakonda, ndisaname, chifukwa kankamaliza m'mawa umodzi ntchito imene Alubano ankanditukwanira sabata yathunthu.

Nkhondo ya azungu itavuta, makaniko wa Kamoto anapita ku usilikali, ndipo zipangizo zatsopano zinasiya kufika. Kamoto anayamba kundiphunzitsa umakaniko, koma osati chifukwa chondikonda. Ankafuna manja ogwira zakuda kuti ake akhale oyera. Ankaima pamwamba panga ndi sipanala, ndikalakwitsa n'kundigogoda nayo pa mfundo za zala. Chala changa chapakati chinapindika mpaka lero. Koma ndinaphunzira. Ndinadziwa kumasula injini yonse n'kuyala zitsulo zake pa thumba mwa ndondomeko, choyamba kuchoka kumanzere, chomaliza kumanja. Ndinadziwa kupera mavavu, tizitseko tiwiri tolowetsa petulo ndi kutulutsa utsi, kuwazunguza ndi kamtengo pakati pa zikhato ngati wopeka moto, mpaka akhazikike bwino pamalo pake. Munthuyo ndinkamuda ndi mtima wanga wonse, ndipo nzeru zake ndinazifula njuchi zikundiluma.

Za kumudzi ndinene zoona. Zaka zoyamba ndinkatumiza kangachepe kudzera mwa anthu obwerera, ndipo ulendo wina ndinatumiza bulangete. Kenako wina anandiuza kuti bulangetelo analiona pa phewa la Alubano kumaliro, ine n'kusiyiratu. Ndinati sindingamenyedwe ndi Kamoto kuti ndifunditse munthu amene anandigumulira mzere. Sindinaganize kuti pomana mlamu ndikumananso mkazi. Kusungulumwa kunalipo, makamaka Lamulungu, anzako akamayenderana iwe uli khale pakhomo pa komboni kusoka kabudula. Chaka china ndinakhala ndi mkazi wa komweko. Sindibisa, ndinakaulula kale kwa ansembe.

Kalata ya Velonika inabwera imodzi yokha, yolembedwa ndi mphunzitsi wa katekisimu. Inati: "Bambo a Yosefe, mwana wanu wamwalira ndi chikuku. Tamuika Lachiwiri. Ine ndili pomwe munandisiya." Ndinapempha Kamoto kuti ndipite. Iye anati kabichi sadikira maliro, ndikapita ndisabwerenso. Ndinakhala. Ndinalira kuseri kwa shedi, ndinagula envulopu, koma mawu olemba anandisowa. Mwezi unatha, chaka chinatha, ndipo manyazi anakula kuposa chisoni. Kalatayo sindinaiyankhe.

Nkhondo itatha Kamoto anagula kathirakitala katsopano. Chiwala chinali chitatopa, chitasiya kulira, ndipo anachitaya pansi pa mtengo, nkhuku n'kumaikira pansi pake. Tsiku lotsanzika ndinamupempha kuti andipatse. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nditenge, ndimuchotsere zinyalala. Matchona anzanga ankabwerera ndi njinga, makina osokera, masutukesi odzaza nsalu. Ine ndinamasula Chiwala, ndinachilongedza m'mabokosi atatu, ndipo kandalama konse kamene ndinasunga kanathera kwa madalaivala a malole amene ankakana katundu wolemera chotero. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, nkhope ya Alubano akuona munda ukutembenuka popanda khasu la m'manja. Taonani uchitsiru wake. Zaka zisanu ndi zinayi, ndipo munthu amene ndinkamuganizira pobwerera anali mlamu, osati mkazi.

Ndinafika m'mwezi wa dzuwa, mitengo itayamba kuphuka, pa ngolo ya ng'ombe yobwereka. Palibe anaimba nthungululu. Apongozi anga atamva kuti ndine, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo sikunali kupewana kuja kwaulemu ayi. Anthu anazungulira mabokosi kuyembekeza nsalu ndi shuga. Nditatsegula, munatuluka fungo la oyilo wakale. Mayi wina anaomba m'manja.

"Kalanga ine! Anzake abwera ndi chuma, uyu wabwera ndi maliro a zitsulo!"

Velonika anaima patali, mtsuko uli pamutu. Anali ataonda, ndipo imvi zinali zitayamba pa msinkhu wosayenera imvi. Ndinamulonjera. Anandiyang'ana monga timayang'anira munthu wosokera njira, n'kupitirira.

M'mawa mwake ankhoswe anakhala pansi, ndipo Alubano sanandisiyire pothawira. Anati mlongo wake wakhala zaka zonsezi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, chifukwa ukwati wa kutchalitchi sumasulika: pabanja sali, wamasiye sali. Anati manda a mwana anakumba ndi iye, ine ndikuthirira kabichi wa mzungu. Zonsezo zinali zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka.

"Kumasula ukwati sitingathe, koma kukuchotsani m'mudzi muno tingathe," anatero. "Munda uja wa kudambo munausiya, wagonera, pano ndi tsekera yekhayekha. Muulime wonse nokha mvula yodzalira isanagwe. Mukalephera, nyamulani zitsulo zanu muzikagona nazo ku Chiparamba."

"Masiku atatu okha andikwanira, alamu," ndinayankha modzitukumula.

Tinapangana choncho amuna okhaokha. Velonika anali pomwepo, atakhala pamkeka kumbuyo kwa azimayi, ndipo palibe anamufunsa kanthu, ngakhale ineyo.

Ankhoswe anandipatsa kakhumbi kosungiramo makasu kuti ndizigonamo. Chakudya chinkabwera ndi mayi wina woyandikana nawo, chopanda mawu. Ndinayala thumba pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba ntchito. Pisitoni inali itagwirana ndi silinda, chibowo chimene imayendamo. Ndinainyika m'palafini masiku anayi, n'kumaigogoda pang'onopang'ono ndi chipika mpaka inalola. Mavavu ndinapera. Tizikopa totseka kuti oyilo asatuluke ndinadula ku chikuto cha sutukesi yanga, poti inalibe kanthu koisungira. Amuna ankabwera kudzakhala pamthunzi kuti aseke, ena n'kumandifunsa ngati chinthucho chimadya udzu kapena gaga. Alubano akamadutsa ankayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Mwami, n'kunena mokweza kuti onse amve:

"Khasu lilipo, alamu, ngati ng'ombe yanu yachitsuloyo yakana kudzuka."

Chimene chinandifoola ndi maringi, timikombero tachitsulo tovala pisitoni. Awiri anali othyoka, ndipo amenewo munthu sangasule pamudzi. Ndinaphimba zitsulo zanga ndi thumba lina, ndinatsindira miyala m'mbali, n'kuyenda wapansi kupita ku Boma. Kumeneko kunali mmwenye wina wa sitolo amene anali ndi lole, komanso mulu wa zitsulo zakale kuseri. Ndinamudikira pakhonde mpaka atabwera kuchokera kumzikiti. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi osavala, osakhulupirira kuti ndikudziwa chimene ndikufuna. Ndinamukonzera lole yake imene inkatsokomola, tsiku lathunthu, iye n'kundilola kufukula muluwo. Ndinapeza maringi a njinga yamoto yakufa, okulirapo pang'ono, oti ndikawapala ndi tupa alowa. Anandiwonjezera chigubu cha petulo ndi botolo la oyilo. Ndinabwerera tsiku lachitatu ndikuimba m'njira.

Pansi pa mango panalibe kanthu. Matumba anga anali atachapidwa, atayanikidwa pa udzu. Zitsulo ndinazipeza pa thandala, pamene amayanika mbale, zitaunjikidwa m'lichero, zikunyezimira padzuwa. Wina anali atazitengera kumtsinje n'kuzikwecha ndi mchenga ndi phulusa, chimodzichimodzi. Amene sadziwa injini sangamve chimene ndinamva. Kamchenga kamodzi kokha m'kati mwa injini kamadya chitsulo ngati chiswe. Ndinapisa chala m'silinda, ndinamva kukhakhala. Mtanda umene umazunguza mawilo, umene umayenera kukhala wosalala kotheratu, unali wokandikakandika. Magineto, kabokosi kopereka moto, kanali kakudontha madzi. Tizitsulo ting'onoting'ono timene ndinayala mwa ndondomeko tinali titasakanikirana tonse.

Sindinafunse munthu, ndipo paja safunsa anadya phula. Ndinanyamula silinda ija n'kupita nayo pakati pa mudzi, pamene Alubano ankasema mpini anthu ali pomwepo.

"Alamu, mwaona kuti ndipambana, ndiye mwatuma anthu andiphere injini!"

"Ine ndigwire zonyansa zanuzo? Mwapenga kodi?"

"Amene wachita izi ndi mfiti!" ndinakuwa. "Ndi galu wopanda nzeru! Manja amenewo ndi ofunika kuwadula, asadzagwirenso chinthu changa mpaka kufa!"

Ndinanena zambiri, zina za Chilapalapa, chinenero cha azungu ndi antchito awo ku Halale, zimene Kamoto ankanditukwana nazo, ndipo zinkatuluka m'kamwa mwanga ndi kamvekedwe kake kenikeni. Ndinadabwa kuona amuna akuyang'ana pansi, akazi atagwira pakamwa. Alubano sanakwiye. Anaika kasemasema pansi n'kuyamba kumwetulira.

"Ndine."

Anali Velonika, ataima pakhomo pa nyumba yake. Aka kanali koyamba kumva mawu ake chibwerereni. Anabwera mpaka pamene ndinaima, n'kutambasula manja kuti ndiwaone. Zala zinali zosupuka, zikhadabo zitada ndi oyilo.

"Manja ake ndi awa, a Mwale. Dulani."

Ndinaika silinda ija pansi.

"Ndinamva anthu akuseka kuti mwamuna wa Nabanda akugona ndi zinthu zakuda ngati alibe mkazi," anatero, osakweza mawu. "Zovala zoti ndichape mulibe, munabwera ndi malaya amodzi omwe ali pathupiwo. Ndinati nditsuke zimene muli nazo. Masiku awiri ndakhala pamtsinje, akazi onse akuona, achimwene akundikalipira. Koma mwanena, ndipo mudzi wamva. Sadzagwiranso chinthu chanu mpaka kufa."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Sanamenyetse chitseko, anangochikankha bwinobwino.

Inu a masiku ano mwina simungamvetse. Kwathu mkazi amene wakwiyira mwamuna wake sankanena ndi pakamwa kuti ndakukhululukirani. Ankatenga zovala za mwamunayo n'kupita nazo kumtsinje masanasana, anthu akuona, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti mlandu watha. Velonika anali atandilandira pamaso pa mbumba yonse, motsutsana ndi mlongo wake, mundawo ndisanaulime n'komwe. Kalata yosayankhidwa, manda a Yosefe, zaka zake zonse zija, anali atazimeza yekha popanda womupempha. Ine ndinamubwezera ufiti ndi ugalu. Ndinapita pakhomo pake, ndinagwada, ndinapepesa. Ankhoswe anandilipitsa nkhuku chifukwa cha mawu oti mfiti, ndinapereka. Nkhukuyo Velonika analandira, koma ine sanandiyankhe.

Chotsala chinali injini, ndipo ndinaigwira ndi ukali wa munthu amene alibenso china. Ndinatsuka chitsulo chilichonse m'palafini katatu, ndikutulutsa mchenga m'timabowo ndi nthenga ya nkhuku. Magineto ndinayanika padzuwa masiku atatu. Silinda ndi mtanda ndinazisalaza ndi kachikopa konyika m'oyilo mpaka zikhato zinatupa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako ndinakupeza mochedwa. Chizimalupsa chinagwa ndisanamalize kumanga, Alubano n'kuyamba kuuza anthu kuti akonze ngolo yondiperekezera. Tsiku limene ndinapukusa chigwiriro, Chiwala chinatsokomola kawiri, chinakhala chete, kenako chinalira mpaka mbuzi zinabalalika. Utsi wake unali wambiri, chifukwa mabala a mchenga aja sanapole onse, ndipo chinkamwa oyilo ngati chidakwa. Koma chinayenda.

Tsekera ndinatentha, ndipo munda wa kudambo ndinaulima masiku anayi, osati atatu. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera, ndi a midzi yoyandikana omwe. Alubano anayenda m'mphepete, anatola dothi, analifikisa m'manja, anafunafuna chonena.

"Mwalima," anatero pomaliza, mawu akutuluka mokakamiza. "Khalani."

Ndinkayesa kuti ndisangalala, koma mtima unangoti zii. Ndinayang'ana m'gulu lonselo. Velonika sanabwere, anali kunyumba akusinja. Ndinapinda mphasa yanga m'kakhumbi kaja n'kukaima pafupi ndi mtondo wake.

"Achimwene anu andilola, Nabanda."

"Ndamva. Munapangana ndi iwo, mwawalimira, akulipirani." Anaika munsi pansi. "Lowani. Nyumbayi munamanga nokha, sindingakukanizeni."

Chiwala chinalima nyengo ziwiri zokha, kenako chinafa osadzukanso, ndipo mawilo ake anathera kwa osula makasu. Alubano anamwalira tisanagwirizane, ndipo manda ake ndinakumba nawo monga mkamwini amayenera. Ine ndi Velonika takhala limodzi zaka zoposa makumi atatu tsopano. Tinabereka ana ena atatu. Amandiphikira, ndikadwala amandiwiritsira mankhwala, kutchalitchi timapita limodzi, ndipo nkhani ija sanaibwerezepo ngakhale kamodzi. Ndinabwera kumudzi nditakonzekera nkhondo ndi munthu wondida. Sindinadziwe kuti kunali wina wondidikira, ndiponso kuti chikhululukiro chake chinali chimodzi chokha.

Loweruka lililonse Velonika amasonkhanitsa zovala za m'nyumba monse, za ana, za adzukulu, ngakhale za alendo ogona tsiku limodzi. Zanga sazikhudza. Zimatsala pampando pomwe ndinavulira, ndipo ndimazinyamula ndekha, nkhalamba ya imvi, kupita nazo kumtsinje, kumunsi kwa pamene amachapira akazi. Achinyamata amaseka, amati agogo anazolowera moyo wa pa komboni ku Halale. Ndimawasiya aziganiza choncho.